Musanalipire malonda pa wailesi, kayeseni kaye pamsika

Abale kuno ku Angónia, ku Mozambique, ambirife timangopereka metikali kuti wailesi ilengeze malonda athu, kaya kachewere kaya feteleza kaya kaunjika, osafufuza ngati mawuwo akufikadi kumene kuli ogula. Ine zinandionekera, ndinalipira sabata yathunthu kenako ndikupita ku Tsangano kukapeza wailesi ija ikungoti shwiii, anthu onse atchera za ku Malawi.

Ndiye chitani chonchi. Tengani kawailesi ka mabatire kotchipa kaja amamvera agogo, osati ya m'galimoto ayi, imeneyo ili ndi eriyo yabwino ikunamizani. Ngati ndi foni lowetsani mahedifoni poti chingwe chija ndiye eriyo yake. Pitani tsiku la msika lenileni, nthawi yomwe mukufuna uthenga wanu uziuluka.

FM ija, kuyambira 87.5 mpaka 108, imayenda mowongoka ngati kuwala, ndiye phiri ngati la Domue likakhala pakati pa inu ndi mlongoti wa wailesi, kuseri kwake mawu amafooka ngakhale mlongotiwo uli pafupi. Musangoima pamtunda pamsewu nkumati zili bwino. Tsikirani kumunsi kwa azimayi a tomato, lowani m'baraka ya malata, imani pafupi ndi anyamata otchaja mafoni pa sola paja, ma invetala ndi matchaja otchipa amabweretsa phokoso heve. Ngati mpaka mukweze eriyo m'mwamba nkumazungulira ngati mukusaka netiweki, dziwani kuti mayi wokazinga tchipisi sangavutike choncho, angosintha siteshoni basi.

Kufupi ndi malire ngati ku Calomue kapena Zóbuè mverani bwino ngati mawailesi a ku Malawi a MBC kapena Zodiak sakulowerera pamwamba pa siteshoni yanuyo. Za AM musayese usiku, usiku imafika kutali kuposa masana, pomwe msika ndi wa masana.

Chomaliza, zimitsani yanuyo muzingoyenda nkumamvetsera zomwe zikulira m'mabenchi, kwa ometa, kwa atelala, muwerenge kuti mwa mawailesi khumi angati ali pa siteshoni yanu. Osafunsa kuti "mumamvera wailesi yakuti?" anthu akwathu ndi aulemu angoti eya. Afunseni kuti amayi, mauthenga a maliro mumamvera pati, yomwe atchuleyo ndi imene mukalipire.