Imelo Yoti Akaunti Yanu ya Steam Itsekedwa: Chitani Izi

Mwalandira imelo yoti akaunti yanu ya Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, itsekedwa mukapanda kutsimikiza lero lomwe? Dekhani kaye, kukufulumizitsani kotereku ndiye msampha wake.

Choyamba onani adiresi ya wotumiza, osati dzina lokha. Ya Steam imathera ndi steampowered.com. Koma adiresi amatha kuipeka, choncho pa foni dinani linki ya mu imeloyo osachotsa chala, muone kumene ikupita. Akuba amasintha chilembo chimodzi chokha, monga steamcommunlty m'malo mwa steamcommunity, ndipo pa kasikirini kakang'ono simungazindikire msanga.

Kenako, m'malo motsegula linkiyo, lembani nokha help.steampowered.com, tsamba la thandizo la Steam, mulowere kumeneko.

Nambala ya Steam Guard, yachitetezo imene mumalemba polowa mu akaunti, musauze aliyense. Antchito a Valve, kampani imene ndi mwini wa Steam, saipempha.

Ngati munalemba kale pasiwedi pa tsamba la linkiyo, isintheni pompano, ya imelo yanunso, kenako mutulutse zipangizo zonse zimene zalowa mu akauntiyo.