Mmene mungapezere shoti imene ikuwotcha fyuzi ya galimoto mobwerezabwereza

Fyuzi ikapsa kamodzi mukhoza kuika ina n'kupitiriza ulendo, koma ikapsanso pamalo omwewo dziwani kuti vuto lili pa waya kapena pa chipangizo chimene fyuziyo ikuteteza. Kawirikawiri pamakhala waya wa magetsi amene wasupuka n'kumakhudza chitsulo cha galimoto. Popeza thupi lonse la galimoto ndi lolumikizidwa ku mbali ya negative ya batire, magetsi amadutsa njira yachidule mwamphamvu yopyola muyeso, zimene timatcha shoti, ndipo fyuzi imaduka kuti wayayo asagwire moto.

Choyamba, dziwani ntchito ya fyuzi imene ikupsayo. Magalimoto ambiri amene tili nawo kuno ku Chipata, monga Toyota Corolla ndi Hiace, ali ndi mabokosi awiri a mafyuzi, lina pafupi ndi batire ndipo lina m'kati mwa galimoto, ndipo pachivundikiro pamalembedwa dzina ndi mphamvu ya fyuzi iliyonse. Mtundu wa fyuzi umasonyezanso mphamvu yake: yofiira ndi ya 10A (maampu 10), yabuluu ndi ya 15A, yachikasu ndi ya 20A, ndipo yobiriwira ndi ya 30A. Musaike ya 30A pamalo a ya 10A, komanso musalumikize ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya monga amachitira ena, chifukwa mukatero waya ndiye adzapsa m'malo mwa fyuzi, ndipo moto wa pansi pa dashboard suzimitsika msanga. Chenjeraninso ndi mafyuzi otsika mtengo kwambiri amene amagulitsidwa mulumulu m'mapepala opanda dzina. Ena mwa iwo saduka pa mphamvu imene yalembedwapo, amangotentha mpaka kusungunula pulasitiki ya bokosi, pamene kusiyana kwa mtengo wake ndi wa fyuzi yabwino ndi makwacha ochepa chabe.

Kenako onetsetsani nthawi imene fyuziyo ikupsa: kodi ndi pamene mwangoiika, pamene mwatembenuza kiyi, pamene mwayatsa nyali kapena pamene mwaponda buleki? Yankho lake limachepetsa malo ofufuza. Yambani ndi zinthu zimene zinawonjezedwa galimoto itachoka kale kufakitale, monga wayilesi, alamu, nyali zowonjezera ndi mawaya a ngolo yokokedwa, pakuti izi nthawi zambiri zimalumikizidwa mongopota waya n'kukulunga ndi tepi. Suzumiraninso m'soketi yotchajira foni, chifukwa kandalama kachitsulo kakagweramo, kapena kansonga ka tchaja yothyoka kakatsaliramo, fyuzi imapsa nthawi yomweyo.

Ngati simunapeze kanthu, lekani kuwononga mafyuzi ndipo gwiritsani ntchito babu. Tengani babu ya mavolti 12, yonga ya buleki ya 21W, muilumikize ndi mawaya awiri aatali, ndipo nsonga zake muzilowetse m'mabowo awiri amene munachotsa fyuzi. Babuyo siilola kuti magetsi ambiri adutse, motero waya sangapse. Zimitsani zipangizo zonse zimene fyuziyo imateteza, koma ngati imapsa pokhapokha mwatembenuza kiyi, mwayatsa nyali kapena mwaponda buleki, chitani zomwezo poyesa. Ngati pali shoti babu iwala kwambiri, ndipo ngati palibe ingozima kapena kuyaka mozilala. Ikawala, zulani mapulagi a zipangizozo imodzi ndi imodzi. Babu ikazima pamene mwazula pulagi inayake, vuto lili m'chipangizo chimenecho kapena m'mawaya opitirira pulagiyo. Ikapitiriza kuwala zonse zitazulidwa, ndiye kuti waya wasupuka penapake pakati pa bokosi ndi mapulagiwo.

Apa ndi pamene ntchitoyi inandivuta ine, ndipo ndi pamene muyenera kudekha. Fyuzi ya nyali zakumbuyo za galimoto yanga inkapsa pokhapokha ndikalowa m'misewu yafumbi ya kumidzi ya ku Chadiza, koma pa tala wa m'tauni inkakhala bwinobwino. Nditaika babu galimoto itaima pabwalo, inangoyaka mozilala ngati palibe vuto lililonse. Shoti yotereyi imabwera ndi kugwedezeka kwa galimoto, choncho siingapezeke galimoto ili phee. Muyenera kuigwedeza dala. Ikani babu pamalo pamene mukuiona bwino, kapena pemphani mnzanu kuti aziyang'ana osachotsapo maso, ndipo inu muzigwira mtolo wa mawaya chigawo ndi chigawo, kuupinda, kuukoka pang'ono ndi kuukankhira ku chitsulo. Tsegulani ndi kutseka zitseko, buti ndi boneti pang'onopang'ono. Musafulumire, chifukwa babu ikhoza kungothwanima kamodzi kwa kamphindi kochepa kwambiri, ndipo mukagwedeza mtolo wonse nthawi imodzi simudziwa chigawo chimene chachititsa.

Kwa ine babu inathwanima buti itafika pakati potsekeka. Mawaya opita ku nyali ya nambala ya galimoto amadutsa pafupi ndi hinji ya buti, ndipo chifukwa chopindika tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, waya mmodzi anali atang'ambika kumbali imene inayang'ana chitsulo. Kunja kwa mtolo tepi inkaoneka yabwinobwino, moti ndikanangoyang'ana ndi maso sindikanaona kanthu, ndipo ndinaona mkuwa wakuda ndi kupsa nditamasula tepiyo. Malo ena ofanana ndi amenewa ndi mpira wonga paipi umene uli pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, bowo limene mawaya amadutsira kuchoka ku injini kulowa m'kati, ndiponso pafupi ndi ekizozi pamene kutentha kumaumitsa chikopa cha waya. Ngati galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe kapena imanyamula matumba a chimanga ndi mtedza, funaninso zizindikiro za mano a makoswe. M'nyengo ya mvula yang'anani ngati madzi alowa m'masoketi a nyali zakumbuyo. Mawaya ndi mapulagi achikasu a airbag musawakhudze konse.

Mukapeza malowo, chotsani waya wa negative pa batire, dulani chigawo chowonongekacho, lumikizani waya wa makulidwe ofanana pogwiritsa ntchito solder (chitsulo chofewa chosungunula cholumikizira mawaya), vindikirani bwino, ndipo mumange mtolowo kuti usakhulenso ku chitsulo. Bwezerani fyuzi ya mphamvu yoyenera n'kukayesa galimoto pamsewu womwewo umene inkavutira. Ngati shoti ili m'kati mwa dashboard, pitani kwa makanika wa zamagetsi, mumuuze zimene mwayesa kale, ndipo musanalipire mupemphe kuti akuonetseni waya amene anali wowonongekayo.