Kaufiti sathawa khasu la tsiku limodzi

Sabata yathayi ndinayenda pa njinga kuchokera m'tauni ya Zomba kulowera ku Jali, ndipo zomwe ndinaona m'minda ya m'mbali mwa msewu zandisowetsa mtendere. Chimanga chabandiridwa bwino, mizere yaima mooneka kuti panagwa thukuta. Koma pansi pa chimangacho timaluwa tofiira tangoti psuu, munda ndi munda. Kaufiti, udzu woyamwa chakudya m'mizu ya chimanga. Ulendo wonsewo sindinapeze munthu ngakhale mmodzi atawerama kuti azule. Makasu anapachikidwa tsiku lomwe anamaliza kubandira, eni minda akungodikira mondokwa.

Vuto la chaka chino ndi limeneli: tikuyesa kuti ntchito ya m'munda imatha ndi kubandira. Amene munda wake ulibe kaufiti akhoza kupumako. Inu amene mukuona timaluwa timeneti, ntchito yanu yangoyamba kumene.

Za kupalira msanga ndi kuthira feteleza wa yureya pa nthawi yake sindikambapo, tinakambirana kale m'makalabu a alimi. Ndikufuna timvetsetsane za mdani ameneyu. Njere ya kaufiti ndi yaing'ono ngati fodya wopera, simungaione m'dothi. Imagona phee mpaka muzu wa chimanga udutse pafupi. Muzuwo umatulutsa timadzi tina timene timadzutsa njereyo, ndipo ikangomera imakakamira pa muzu n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Imachita izi masabata angapo ili pansi, inu osadziwa kanthu. Mukungoona chimanga chikupinimbira, masamba akuchita chikasu ndi kufota ngati kuli ng'amba pamene mvula yagwa dzulo lomwe. Pofika poti kaufiti atulukire pamtunda, zambiri wawononga kale.

Apa m'pamene alimi ambiri amandigwira pakamwa. Amati, ngati wawononga kale, ndizuliranji? Bambo wina amene ndinamupeza pa mlatho wina panjira yomweyo anandiyankha chimodzimodzi: "Alangizi, chimanga chapita kale ichi. Ndikawerame dzuwa lonseli chifukwa cha maluwa?" Ndinawauza kuti, "Bambo, simukuzulira chimanga cha chaka chino. Mukuzulira cha chaka chamawa ndi cha adzukulu anu." Tsinde limodzi la kaufiti likasiyidwa kuti likhwime limatha kubala njere zokwana 50,000, ndipo njerezo zimakhala zamoyo m'nthaka zaka zoposa 10. Tsono werengani timitengo timene tili pamzere umodzi wokha m'munda mwanu. Mukatisiya mwezi uno, mwafesa nokha ndi manja anu, ndipo mwafesa mbewu yosafuna feteleza, yosaopa ng'amba, yosadyedwa ndi anankafumbwe.

Chimandipweteka kwambiri ndi feteleza. Munthu wagulitsa mbuzi, wagona pamzere kudikira thumba la makilogalamu 50, walinyamula pa njinga mpaka kumudzi. Wathira. Gawo lina la fetelezayo likudutsa m'mizu ya chimanga n'kukanenepetsa kaufiti. Pokolola apeza zitsononkho zazifupi ngati chala, zina mapesi okhaokha, ndiye ayamba kunena kuti feteleza wa masiku ano ndi wosagwira, kapena mbewu anamugulitsa yachinyengo. Chaka chamawa asintha mbewu, athiranso feteleza pamunda womwewo, njere za kaufiti zitachuluka kuposa kale.

Ndipo tisiye zonena kuti munda anaupondera. Dzina lakuti kaufiti latisocheretsa nthawi yaitali. Ndamva ndi makutu anga anthu akulozana zala pachibale, wina kuthawa munda wa makolo ake, wina kuwononga ndalama kwa asing'anga, chifukwa cha udzu. Kaufiti amakonda nthaka yoguga, imene yalimidwa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka popanda manyowa, mapesi akuwotchedwa pofuna mbewa. Kuno ku Zomba minda ndi yaing'ono, palibe amene angagoneke munda monga ankachitira agogo athu, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola nthaka yapamwamba m'malo ambiri otsetsereka. Madzi othamanga amanyamulanso njere kuchoka m'munda wa kumtunda kukazitula kwa mnzanu wa kumunsi. Palibe mfiti pamenepa.

Chizolowezi china chimene chanditopetsa ndi cha amene amazula ndithu, koma n'kutaya mumkwasa momwemo. Kaufiti amene wachita kale maluwa, ngakhale mwamuzula, timakoko take timapitiriza kuuma n'kuphulika, njere n'kugwera pomwepo. Mwatopa pachabe. Ena amaponyera mbuzi kapena kuunjika pa dzenje la manyowa, kenaka manyowa omwewo n'kukamwaza m'munda wina umene unali wabwinobwino.

Ndikumbuka mayi wina wa kudera la Thondwe amene ndinagwira naye ntchito zaka zapitazo. Munda anasiyiridwa ndi mayi ake, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti pamenepo sipabereka. Chimanga chimene ankakolola chinkatha mu Ogasiti. Tinagwirizana kuti azizula, theka la munda adzale mtedza, ndipo chitosi cha nkhuku ndi ndowe za mbuzi azisunga. Chaka choyamba anazula mpaka msana kuwawa, anzawo akuwaseka kuti akuthyola maluwa a ukwati. Chaka chachiwiri kaufiti anamera ngati sanazulepo n'komwe. Anandipeza pamsika, nkhope ili gwa, nati, "Alangizi, mwandinamiza. Ndazula chaka chatha, taonani wabweranso." Ndinawafunsa kuti, "Mayi, munda umenewu wakhala ukulandira njere zaka zingati?" Anakhala chete, kenaka anati kuyambira iwo ali mtsikana. Ndiye ndinati nkhokwe imene yadzazidwa zaka zonsezo singathe ndi kutapa kamodzi. Anabwerera kukazula. Chaka chachinayi timaluwa tinkachita kusakidwa, mwana wawo wa sukulu ankamaliza munda wonse asanapite m'kalasi, ndipo chimanga chinawafikitsa mu Janyuwale. Sanagule mankhwala alionse. Akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa, ndipo mayi amenewa ndi amene anandiphunzitsa tanthauzo lake. Alimi ambiri amene ndawaona akulephera anasiyira pa chaka chachiwiri chomwecho, pamene ntchito imaoneka ngati yopanda phindu.

Sindikunyoza amene akupita kuganyu. Febuluwale ndi mwezi wa njala, ndipo munthu amene ana ake agona ndi njala sangamve za njere za chaka chamawa. Ndikudziwa. Koma kuzula kaufiti sikufuna tsiku lathunthu ngati kulima. Ola limodzi mmamawa musanapite kuganyu, mizere khumi lero, khumi mawa. Chimene chikusowa m'minda imene ndinaona ija si nthawi yokha ayi, pakuti ena mwa eni ake ndinawapeza pa bawo dzuwa lili pamutu. Ndipo nkhaniyi isasiyidwe kwa amayi ndi ana okha, abambo nawonso misana ali nayo.

Mwachidule, chitani izi. Zulani kaufiti ndi manja maluwa ake akangoyamba kuoneka, timakoko tisanakhwime, ndipo mubwerezenso pakatha masabata awiri alionse, chifukwa samera tsiku limodzi. Musasiye chimanga chikauma: kaufiti amapitiriza kubala mpaka nthawi yokolola, ndipo wa mu Malichi ndi Epulo ndi amene amadzaza nthaka. Ikani zozulazo m'thumba pomwepo, osazikoka pansi, mukazitaye m'dzenje kunja kwa munda, ziume, muziwotche. Khasu limene lalima m'munda wa kaufiti muligogode ndi kulitsuka musanalowe nalo kwina. Chaka chamawa, mbali imene yafiira kwambiri musadzalemo chimanga kapena mapira: ikanimo mtedza, soya kapena thonje, pakuti mizu ya mbewu zimenezi imadzutsa njere za kaufiti wa chimanga koma iye sapeza poyamwa, amafa. Nandolo amene timadzala kale m'chimanga musamusiye, masamba ake amabwezera chonde. Chenjerani ndi kaufiti wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe ndi mbewu zina za mtundu wa nyemba, ameneyonso azulidwe chimodzimodzi. Manyowa yambani kupanga mukangokolola, ndipo mapesi akwiriridwe, asawotchedwe.

Lankhulaninso ndi mwini munda wa kumtunda kwanu, ngakhale kudzera kwa amfumu, kuti muzulire limodzi sabata yomweyo. Amene simukumudziwa bwino kaufiti akadali wamng'ono, zulani kamodzi muike m'pepala la pulasitiki, mupite nako kwa mlangizi wa dera lanu kapena kwa mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwanu akakuonetseni.