Momwe mungasankhire zovala ndi kakonzedwe ka tsitsi kogwirizana ndi thupi ndi nkhope yanu

Diresi limodzi lomwelo, losokedwa ndi telala mmodzi, limatha kumukhala bwino wina, mnzake n'kuoneka ngati wachita kubwereka. Chovala chilichonse chimadulidwa motengera thupi linalake, ndiye musanatulutse ndalama muyenera kudziwa kaye thupi lomwe muli nalo. Ine ndimayambira pa tepi, chifukwa maso amanama. Munthu amadziona wonenepa m'mimba pomwe chovuta n'choti malaya ake ndi aakulu m'mapewa.

Choyamba: dziyezeni, koma iyezeninso tepiyo

Pezani tepi yofewa ya atelala, pepala, ndi munthu woti akugwirireni kumbuyo. Valani chovala chopyapyala, imani mowongoka, ndipo musakokere mimba mkati. Malo oyeza ndi anayi: kuzungulira mapewa, pachifuwa pomwe patukuka kwambiri, m'chiuno, ndi m'matako pomwe pali potambalala kuposa pena paliponse.

M'chiunomo ambiri amayeza pomwe pamakhala lamba wa thalauza. Si pamenepo. Pendekerani kumbali ngati mukutola kanthu, ndipo pomwe thupi lapindikirapo, pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo, ndi pomwe muzunguze tepi. Igone pakhungu osakanikiza, moti chala chimodzi chizitha kulowa, ndipo kumbuyo isagwe m'munsi kuposa kutsogolo. Tulutsani mpweya kenako werengani.

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pomwe zinandisokonekera. Ndinagula tepi yotchipa kwa wogulitsa singano ndi mabatani. Mbali ina inali ya masentimita, mbali ina inali ndi manambala akuluakulu otalikirana, ooneka ndendende ngati mainchesi. Ndinayeza m'chiuno tepi n'kuonetsa 24, ndipo ndinatumiza nambala imeneyo pamodzi ndi zinzake kwa wosoka yemwe anali kutali. Diresi litabwera linakana kudutsa ngakhale m'mapewa. Nsalu inali itadulidwa kale, ndipo m'misoko munalibe chotsala choti n'kumasula.

Chomwe chinachitika n'chakuti matepi ena opangidwa ku China amakhala ndi muyeso wa kumeneko wotchedwa cun. Cun imodzi ndi masentimita 3.33, pomwe inchi ndi masentimita 2.54. Chiuno cha masentimita 80 chimawerengeka 24 pa tepi yotere, koma mainchesi 24 enieni ndi masentimita 61 okha. Pamenepo pasowa masentimita 19 a nsalu. Wogulitsayo sananene kanthu, ndipo pa tepipo panalibe chizindikiro chomwe ndikanatha kuwerenga.

Kuzindikira tepi yotere n'kosavuta. Gwirani pa nambala 10 ya mbali yokayikitsayo n'kutembenuza tepi. Ngati kuseriko pali masentimita 25 ndi kachidutswa, ndi mainchesi enieni. Ngati pali 33, gwiritsani ntchito mbali ya masentimita yokha. Tepi yakale nayo imatanuka, makamaka ija yansalu, choncho igonekeni pa rula muone ngati zikugwirizana. Onaninso kachitsulo ka kumapeto, chifukwa pa matepi ena kamamatidwa mokhota n'kudya theka la sentimita yoyamba. Potumiza miyeso kwa munthu amene sakuonani, lembani masentimita ndipo mutchule kuti ndi masentimita. Telala akakhala pafupi, pitani akakuyezeni yekha ndi tepi yake yomwe azidulira nsaluyo. Ndalama yoyendera ndi yochepa kuyerekeza ndi nsalu yoonongeka.

Chachiwiri: onani kuti thupi lanu latambalala pati

Ikani manambala anayi aja pamodzi. Ngati m'munsi muli motambalala kuposa mapewa ndi chifuwa, thupi lanu lili ngati chilembo cha A. Mapewa akaposa m'munsi, ndi V. Mapewa ndi m'munsi zikafanana koma chiuno n'kucheperapo ndi masentimita 20 kapena kuposa, ndi X. Zonse zikayandikana, ndi H. Pakati pakakhala potambalala kuposa pena ponse, ndi O. Anthu ambiri amagwera pakati pa zilembo ziwiri, ndipo zimenezo zisakuvuteni.

Mfundo yake ndi imodzi: diso la munthu limathamangira pomwe pali mtundu wowala, maluwa akuluakulu, makwinya kapena chonyezimira. Ikani zimenezi pomwe mukufuna kuti paonekere, kwinako kukhale kosalala.

Wa thupi la A avale bulauzi yowala, ya khosi lotambalala kapena mikono yotukuka pang'ono pamapewa, ndipo m'munsi mukhale siketi yogwira m'chiuno n'kumatambasuka potsika. Matumba otuluka m'mbali mwa thalauza amawonjezera pomwe pali pokwanira kale. Jekete lisathere pomwe mbina yatambalala kwambiri, lithere pamwamba pake kapena lipitirire ndithu. Wa V atembenuze zimenezi: pamwamba posalala, khosi lotsika losongoka, opanda zotukulira mapewa, ndipo m'munsi siketi yamakwinya kapena thalauza lotambalala miyendo. Wa X asabise chiuno m'zovala zokhuthukira, chifukwa nsalu ikangotsika kuchokera pachifuwa osagwira pakati amaoneka wamkulu kuposa momwe alili. Diresi lomanga m'mbali kapena lamba wocheperako zimamukwanira. Wa H amapanga chiuno ndi lamba, kapena kupisira malaya. Wa O amakhala bwino ndi chovala chogwira pansi pa chifuwa n'kutsika momasuka, kapena jekete losamanga mabatani, lomwe limapanga mizere iwiri yoima kutsogolo.

Abambo nawonso zimawakhudza. Wamimba asamangire lamba pansi pa mimba, chifukwa mimba imalendewera ndipo miyendo imaoneka yaifupi. Thalauza lokwera kufika pafupi ndi mchombo ndi lomwe limamukhala. Wochepa thupi asathawire ku malaya aakulu, amangomuchepetsa kwambiri.

Za mizere yopingasa, zoti imanenepetsa munthu, musazitenge ngati lamulo. Kale mu 1867 katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anaonetsa kuti chinthu chojambulidwa ndi mizere yopingasa chimaoneka chachitali ndi chochepa kuposa chinzake chofanana nacho cha mizere yoima. Mu 2011 ofufuza a pa yunivesite ya York ku England anayesa zimenezi pa zithunzi za anthu ndipo anapeza zomwezo. Chomwe ine ndimayang'ana ndi kukula kwa mizereyo komanso ngati nsalu yathina, pakuti mzere ukakokeka n'kukhota pamimba umaonetsa chilichonse.

Chachitatu: kuyesa chovala

Nambala ya pa lebulo musaikhulupirire. Saizi 12 ya ku Britain ndi pafupifupi 8 ya ku America kapena 40 ya ku Ulaya, ndipo ngakhale m'dziko limodzi makampani amasiyana. Yendani ndi tepi yanu, makamaka pogula zovala zomwe zinavalidwapo kale, zomwe mwina zinachepetsedwa kapena zinafupika pochapa.

Yambani kuona mapewa. Msoko wa pamwamba pa mkono uzikhala pomwe pathera fupa la phewa. Ukagwera m'munsi kapena kukwera cha kukhosi, chisiyeni, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Kukonza mapewa kumafuna kuphwasula mkono wonse, nthawi zina ndi kolala yomwe, ndipo pa jekete mtengo wokonzetsa ukhoza kuposa womwe munagulira. Kuchepetsa m'chiuno, kupinda m'munsi kapena kufupikitsa mikono ndi ntchito zazing'ono. N'chifukwa chake mugule chokwana pomwe thupi lanu latambalala kwambiri, kwinako telala achepetse. Kukulitsa n'kovuta chifukwa zovala za m'mafakitale zimasiyidwa ndi kansalu kochepa kwambiri m'misoko.

Musangoima pagalasi. Khalani pampando, kwezani manja, weramani. Mabatani a pachifuwa akayasama, kapena nsalu ikachita makwinya opingasa pantchafu, chathina. Pakolala yomangidwa pazilowa zala ziwiri. Amayi, yesani chovala mutavala bra yomwe muzivalira chovalacho, ndi nsapato zake zomwe, chifukwa gogoda amasintha pomwe siketi ithere. Siketi isathere pakatumba ka mwendo pomwe pali ponenepa kwambiri. Pansi pa bondo penipeni kapena cha ku akakolo ndi pomwe pamakhala bwino kwa ambiri.

Ogulitsa pa intaneti ena amakoka chovala ndi zopanira kumbuyo kwa chidole kuti chioneke chogwira thupi. Apempheni achigoneke pansi, aike tepi pachifuwa ndi m'chiuno, ajambule. Wokana kutero ali ndi chifukwa chake. Ogulitsa nsalu nawo amatha kukuuzani kuti ndi thonje lenileni pomwe ndi polyester. Sololani kaulusi n'kukayatsa mosamala: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, polyester imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Nsalu ya thonje ichapeni musanapite nayo kwa telala, chifukwa imafupika ikachapidwa koyamba.

Chachinayi: nkhope

Kokerani tsitsi kumbuyo kapena mangani kansalu kuti mphumi yonse ioneke, ndipo yang'anani pagalasi molunjika. Chithunzi chodzijambula nokha pa foni sichithandiza, chifukwa kamera ikayandikira imakulitsa zapakati pa nkhope. Ofufuza a ku Rutgers ku America anaonetsa mu 2018 kuti chithunzi chojambulidwa pa mtunda wa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi cha pa mita imodzi ndi theka. Ngati mukufuna chithunzi, wina akujambuleni ali chapatali.

Yerekezani kutambalala kwa mphumi, kwa masaya pamafupa a pansi pa maso, kwa nsagwada, ndi kutalika kuchokera poyambira tsitsi kufika kuchibwano. Kutalika ndi kutambalala zikayandikana, nsagwada n'kukhala yosalala, nkhopeyo ndi yozungulira. Imafuna tsitsi lokwera pamwamba, m'mbali mogona: lomanga pamutu, malukidwe okwera m'mwamba, kapena meshi yaitali yopitirira chibwano. Tsitsi lothera pamasaya penipeni limaiwonjezera kuzungulira. Nkhope yaitali imafuna zosiyana, tsitsi lotukuka m'mbali ndi lina logwera pamphumi, osati mulu pamwamba. Ya nsagwada zamakona imafewa ndi tsitsi lopotanapotana ndi mzere wogawira cha kumbali. Ya mphumi yaikulu ndi chibwano chosongoka imafuna tsitsi lodzaza cha m'munsi, pafupi ndi nsagwada. Yotalikirapo pang'ono popanda makona imalola pafupifupi chilichonse, ngakhale kumeta lonse.

Kwa abambo, wa nkhope yozungulira amete kwambiri m'mbali n'kusiya pamwamba, ndipo ndevu zotalikirapo pachibwano zimamuthandiza. Wa nkhope yaitali asakweze pamwamba, ndevu azisiye m'masaya koma pachibwano zikhale zazifupi. Womumeta asamakankhire kumbuyo mzere wa pamphumi pofuna kuuwongola, chifukwa akatero ulendo uliwonse mphumi imanka ikula.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye podula yambani pang'ono. Ngati mukufuna kusintha kwambiri, yesani kaye wigi ya kutalika komweko.

Chomwe sindilolera ndi kuluka kokoka. Ngakhale malukidwe akukhaleni bwino chotani, ngati mutu ukupweteka, khungu la pamphumi lakokeka kapena patuluka timatuza m'mphepete, masulani tsiku lomwelo. Kukoka kotere kumathothola tsitsi la m'mphepete, matenda omwe madokotala amawatcha traction alopecia, ndipo zikapitirira kwa nthawi yaitali silimeranso. Uzani wolukayo asiye titsitsi ta kutsogolo, meshi isalemere, ndipo musapitirire masabata 6 mpaka 8 musanamasule. Mankhwala owongola tsitsi ambiri amakhala ndi sodium hydroxide, yomwe imawotcha khungu. Ogulidwa m'mabotolo opanda lebulo, othiridwa kuchokera m'chigubu china, musalole kuti akupakeni. Musapakenso pamutu pomwe mwakanda, ndipo padutse masabata osachepera 8 musanabwereze, pa tsitsi lomera kumene lokha.

Zotsalazi n'zachangu. Khosi la chovala lizitsutsana ndi nkhope: losongoka kwa wozungulira, lozungulira kapena lotambalala kwa wautali. Ndolo zazitali zimatalikitsa nkhope, zozungulira zimaitambalitsa. Magalasi a maso amakona amakhala bwino pa nkhope yozungulira, ozungulira pa yamakona, ndipo asapose kutambalala kwa masaya. Wa khosi lalifupi apewe kolala yokwera ndi mikanda yogwira pakhosi. Mtundu wa nsalu muuone panja masana, mutaigwira pansi pa chibwano, chifukwa magetsi a m'sitolo amasintha mtundu.