Mwalandira mbande yaulere? Idzaleni chonchi

Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo, mbande zaulere zimapezeka kukhonsolo, kwa a zankhalango kapena kumabungwe. Ine chaka chatha ndinatenga zisanu, zatsala zitatu. Ziwirizo ndinazipha ndekha.

Musanatambasule dzanja, yang'anani kaye bwalo lanu. Pa poloti yaing'ono ngati yanga ya ku Area 25, mbawa ndi bulugamu ayi: mizu idzang'amba maziko ndi chimbudzi, nthambi zidzakola mawaya a magetsi. Pemphani mango, peyala kapena gwafa, ana adzadyeko. Mango atalikirane ndi khoma mamita 5 kapena kuposa.

Kumbani dzenje la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba liikeni padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenjemo. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Apa ndi pomwe ndinalakwa ine, ndi zitosi za nkhuku zongochotsa kumene m'khola.

Dzalani madzulo, nthaka ili yonyowa. Ng'ambani chubu (kapepala ka pulasitiki momwe muli mbandeyo) ndi lezala, osasansa dothi la kumizu. Mbande ilowe kulekeza pomwe dothi linalekeza m'chubumo, tsinde lisakwiririke. Tsenderani ndi manja, thirirani, phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, ungaitane chiswe.

Kenako tchingani. Mbuzi ya aneba sidziwa kuti mtengo unachokera kukhonsolo. Njerwa zosanja mozungulira zimakwana. Mvula ikatha, thirirani ndowa imodzi kawiri pa sabata mpaka Novembala, ngakhale madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba.