Kapangidwe ka mfuti ya nsungwi yoponya mbatatesi ndi mpweya

Amene tinakulira m'mbali mwa mtsinje wa Likangala kapena wa Mulunguzi timakumbukira kamfuti ka nsungwi kamene tinkaponyera mapepala onyowa, kamene kankalira kuti "phu!" mpaka nkhuku kubalalika pabwalo. Masiku ano anyamata athu akuona pa YouTube anthu a ku America ndi ku Germany akupanga mizinga ya mapaipi yoponya mbatatesi yathunthu, ndipo ena ayamba kufunsa mitengo ya mapaipiwo m'mashopu a hadiweya mu tauni ya Zomba. Chimene chimaponya mbatatesi mu mzinga waukuluwo ndi chomwenso chimaponya pepala mu kamfuti ka nsungwi: mpweya umene watsekeredwa n'kupanikizidwa. Ndifotokoza kapangidwe ka mfuti yaing'onoyo mwatsatanetsatane, chifukwa ndi imene munthu angapange ndi mwana wake Loweruka masana n'kumvetsa sayansi yonse ya nkhaniyi popanda wina kutaya diso.

Chinthu choyamba ndi nsungwi, ndipo apa m'pofunika kudekha. Sankhani nsungwi yokhwima, yolimba khungu, yopanda mng'alu ngakhale waung'ono ngati tsitsi, ndiponso yosafumbwa. Yaiwisi kwambiri imakwinyika ikamauma ndipo bowo lake limapindika, pomwe imene yagona padzuwa miyezi yambiri imasweka mukangoikakamiza. Dulani pakati pa mfundo ziwiri kuti mupeze chidutswa choboola mbali zonse, chotalika masentimita 25 kapena 30, chimene bowo lake ndi la mamilimita 8 mpaka 10, kutanthauza lokulirapo pang'ono kuposa pensulo. Dulani ndi sowo yodulira zitsulo, mukuzungulira nsungwiyo pang'onopang'ono. Chikwanje musachigwiritse ntchito pamenepa, chifukwa chimang'amba nsungwi motsata utali wake, ndipo mng'alu umene wayamba motero umathawitsa mpweya wonse.

Mukadula, suzumirani m'bowomo mutaloza kowala. Muona timamba toyera tomwe tamatirira m'kati. Kulungani kansanza konyowa pa waya wowongoka, mukalowetse n'kutulutsa kangapo mpaka m'kati musalale. Kenako yesani mbali ziwiri za bowolo ndi pensulo kapena kamtengo, chifukwa nthawi zambiri mbali imodzi imakhala yocheperapo pang'ono kuposa inzake. Mbali yocheperayo ikhale kutsogolo, kotulukira chipolopolo (kachidutswa ka mbatatesi kamene kamaponyedwa), ndipo yokulirapoyo ikhale kumbuyo. Ambiri salabadira zimenezi, koma ndi zimene zimachititsa kuti chipolopolo chizithina kwambiri chikamapita kutsogolo, n'kugwira mpweya mpaka utapanikizika mokwanira. Mlomo wa kumbuyo muupale ndi mpeni kapena sandipepa kunja kwake kokha, mozungulira, kuti ukhale wakuthwa pang'ono wotha kuboola mbatatesi bwinobwino.

Chachiwiri ndi ndodo yokankhira. Isemeni kuchokera ku kamtengo kolimba kowongoka, kapena ku mbali yokhuthala ya nsungwi yong'amba, ndipo ilowe m'bowo momasuka koma osagwedera kwambiri. Nsonga yake ikhale yafulati, chifukwa yosongoka imaboola chipolopolo m'malo mochikankha. Kumapeto kwinako ikani chogwirira: chidutswa china cha nsungwi yomweyo, cha masentimita 8 kapena 10, chimene chili ndi mfundo kumapeto kwake kuti ndodo ikafikire pamfundopo. Ngati ndodo ikugwedera m'chogwiriramo, ikulungeni ndi mphira wa chubu cha njinga chakutha. Muyeso wofunika kwambiri ndi uwu: mukalowetsa ndodo yonse mpaka chogwirira chitagunda mlomo wa kumbuyo, nsonga yake itsalire masentimita 2 kapena 3 isanafike kutsogolo. Ndodo ikatalika kuposa pamenepo imatulutsa zipolopolo zonse ziwiri, ndipo ikafupika kwambiri mpweya supanikizika mokwanira.

Tsopano mbatatesi, imene ena amati mbatata ya kachewere. Ku Zomba sitivutika kuipeza, popeza imatsika kuchokera kuphiri ndipo pamsika waukulu siisowa. Mbatatesi ndi chakudya, choncho pemphani amayi ogulitsa kuti akupatuleni imodzi kapena ziwiri zotemedwa ndi khasu kapena zobiriwira khungu, zomwe sizikanapita m'poto. Imodzi yokha imatulutsa zipolopolo zochuluka zokwanira masana onse. Iyenera kukhala yolimba ndi yamadzi, chifukwa madzi akewo ndiwo amatseka mipata ndi kutereretsa chipolopolo m'bowo. Yofota imapindika n'kudutsitsa mpweya m'mbali. Ndinayesapo mbatata ya kholowa ndi chinangwa, koma n'zouma ndiponso zolimba moti zimang'amba mlomo wa nsungwi. Papaya wosapsa amalowa bwino, koma utomoni wake umawawa ukalowa m'maso, ndiye musamupatse ana.

Dulani mbatatesiyo m'mapisi okhuthala sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ikani pisi limodzi pathabwa, osati pachikhatho, ndipo dindani mlomo wa kumbuyo wa nsungwi pamenepo mukupotokola pang'ono mpaka uboole. Chipolopolo choyamba chatsala m'bowo. Chikankheni ndi ndodo pang'onopang'ono mpaka chogwirira chigunde, kenako tulutsani ndodo. Dindaninso kachiwiri kuti chipolopolo china chitseke kumbuyo. Apa mpweya watsekeredwa pakati pa zipolopolo ziwiri. Lowetsani nsonga ya ndodo pang'ono, lozani kumalo kopanda munthu, gwirani nsungwi mwamphamvu ndi dzanja limodzi, ndipo menyani chogwirira ndi chikhatho cha dzanja linalo kamodzi, mwachangu. Chipolopolo cha kutsogolo chimatuluka ndi phokoso, ndipo nthawi zina mumaona kautsi koyera ka tinthunzi ta madzi pamlomo. Cha kumbuyo chija chimatsala kutsogolo, kudikira ulendo wotsatira, choncho kuyambira pamenepo muzingodinda chimodzi chokha.

Chimene chachitika m'bowomo anachifotokoza Robert Boyle m'chaka cha 1662: mpweya wotsekeredwa ukachepetsedwa malo ndi theka, kutentha kwake kusanasinthe, mphamvu yake yokankha, imene amakaniko amati puresha, imawirikiza kawiri. Tinene kuti pakati pa zipolopolo zanu pali mpata wa masentimita 24. Ndodo ikaufupikitsa kufika pa 12, puresha yawirikiza kawiri, ndipo ikafika pa 8 yawirikiza katatu. Chipolopolo cha kutsogolo chimakana kusuntha mpaka pamene kukankha kwa mpweya kwaposa kuthina kwake, kenako chimachoka nthawi imodzi. Mpweya wotizungulira umakankha ndi makilopasiko (muyeso wa puresha) 101 pamtunda wofanana ndi nyanja yamchere. Mu tauni ya Zomba, imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, mphamvuyo imatsika kufika cha m'ma 90, ndipo pamwamba pa phiri, pamene nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, imatsika kufika cha m'ma 80. Ophunzira a fiziki kusekondale angathe kuyeza mtunda umene chipolopolo chikugwera pabwalo la mpira, akusintha makhuthalidwe a pisi ndi kapendekedwe ka mfuti, n'kulemba zimene apeza. Adzaona kuti kachidutswa kopepuka chonchi kamabwezedwa kwambiri ndi mpweya, moti kamafika patali akapendeketsa mfuti mochepera madigiri 45 amene amawerenga m'buku.

Mfuti ikakana kulira, zifukwa zake n'zochepa. Mukamva kuti "fuu" koma chipolopolo osachoka, ndiye kuti mpweya ukuthawa. Tsekani mbali imodzi ndi chala, muviike nsungwi m'ndowa ya madzi n'kuuzira mbali inayo, ndipo thovu likusonyezani pamene pali mng'alu. Nsungwi yotero itayeni. Chipolopolo chikamangogwera pamapazi, ndiye kuti n'chopyapyala, kapena mwaika mbali yotakasuka kutsogolo, kapenanso mukukankha mozengereza.

Chikakakamira m'kati, musasuzumire m'bowo. Mwana wa mlongo wanga anachita zimenezo kwathu ku Chinamwali: anatembenuza mfuti kuti aone chimene chatseka, ndodo ikadali m'kati, chogwirira chitatsamira pabondo. Chipolopolo chinamumenya pansi pa chikope, ndipo diso linakhala lofiira ndi lotupa masiku angapo. Chikanakwera pang'ono chabe, bwenzi tikunena zina. Kuchokera tsiku limenelo lamulo la pakhomo pathu ndi lakuti ndodo izitulutsidwa kaye munthu asanachite china chilichonse, mfuti isamalozedwe kwa munthu kapena chiweto ngakhale mocheza, ndipo chandamale chizikhala zitini zosanjidwa patsogolo pa khoma la njerwa lopanda zenera. Amene ali ndi magalasi otchinga m'maso, ngati a akalipentala, avale.

Za mizinga ya mapaipi ija, maganizo anga ndi akuti musaipange pakhomo, ndipo chifukwa chake chili m'masamu omwewa. Bowo la sentimita imodzi, puresha ikawirikiza kawiri, limakankha chipolopolo ndi mphamvu yosafika kulemera kwa kilogalamu imodzi, ndipo mphamvuyo ili ndi malire chifukwa ikuchokera m'dzanja lanu nthawi yomweyo. Paipi ya masentimita 5 ili ndi malo okankhapo ochuluka ka 25, ndipo ikapopedwa ndi pampu ya njinga kufika mabaa atatu, kutanthauza makilopasiko 300, mbatatesi imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 60, kuposa thumba la chimanga. Mpweya umenewo umakhala utasungidwa m'paipi imene mwaikumbatira. Makampani opanga mapaipi a PVC amaletsa kuwagwiritsa ntchito posunga mpweya wopanikizidwa, chifukwa akaphulika samangong'ambika koma amasweka n'kumwaza tizidutswa takuthwa ngati magalasi. Paipi yotayira madzi akuda siinapangidwire puresha n'komwe, ndipo imene yakhala padzuwa kunja kwa shopu imakhala itauma kale. Mizinga ina imayatsidwa ndi mpweya woyaka wa m'zitini zopopera, ndipo imeneyo ndi yoopsanso kwambiri popeza palibe amene amadziwa puresha imene yafika m'kati. Kumbukiraninso kuti m'Malawi muno kusunga mfuti kumafuna chilolezo cha apolisi, ndipo chinthu chachitali cholira ngati mfuti, mu mzinda umene muli asilikali a ku Cobbe Barracks ndi ndende yaikulu, chingakuikeni m'mavuto musanapeze mpata wofotokoza.

Amene akufuna chinthu chouluka patali apange choponyera cha botolo. Lumikizani botolo lapulasitiki la malita awiri ku paipi yopyapyala ya mamilimita 20 pogwiritsa ntchito chidutswa cha chubu cha njinga, mumange mwamphamvu mbali zonse ndi mphira. Kulungani pepala mozungulira paipiyo kuti likhale ngati roketi, mutseke nsonga yake ndi tepi, mumate timapiko titatu kumunsi. Lozani paipi kumwamba, nkhope zonse zili kutali, ndipo wina aponde botololo ndi phazi limodzi mwamphamvu. Kuti botolo lifufumenso, uzirani m'paipimo.

Mukamaliza kusewera ndi mfuti ya nsungwi, tulutsani chipolopolo chotsalacho ndi waya, chifukwa chikagona m'kati chimaola ndi kununkha, ndipo chikauma chimamatirira. Tsukani bowo ndi kansanza konyowa, muumitse nsungwiyo pamthunzi, ndipo muisomeke kudenga la khitchini chapatali ndi moto, kumene utsi umafika, kuti isafumbwe.