Momwe mungalowere mu scrum khosi lanu likhale bwino

Ambiri akamaonera rugby amati scrum ndi kukankhana basi. Muli dongosolo, ndipo wosalidziwa amapatsa adani penate yaulere.

Refu amaimba scrum mpira ukagwera kutsogolo kuchoka m'manja mwa wosewera, kapena wina akaponyera mnzake kutsogolo. Timu iliyonse imalowa ndi anthu 8, omwe amagwirana n'kuwerama kuti akankhane ndi adani polimbirana mpira. Kutsogolo kumakhala atatu, nambala 1 kumanzere, nambala 2 wotchedwa hooker pakati, nambala 3 kumanja. Anyamata aatali, 4 ndi 5, amalowetsa mitu pakati pa ziuno za atatuwo, 6 ndi 7 m'mbali, nambala 8 kumapeto.

Choyamba, nsapato. Musalowe ndi zampira wamiyendo. Osewera akutsogolo amafunika ma studs (mano akunsi kwa nsapato) aatali achitsulo, aja omangira. Zatsopano n'zodula, inde, ndipo pakaunjika zimapezeka, koma yesani kupotokola stud iliyonse ndi chala musanapereke ndalama. Wogulitsa wina anandilumbirira kuti zake n'zachitsulo, pomwe anali pulasitiki wopaka utoto wa siliva.

Chachiwiri, mverani refu. Kuyambira 2013 amatchula mawu atatu. Akati "crouch", pindani mawondo, msana uwongoke, mapewa asatsike kuposa chiuno. Akati "bind", nambala 1 ndi 3 agwire jezi ya mdani kumsana kapena m'nthiti. Mukagwira dzanja kapena kolala, ndi penate. Akati "set", mitu ilowe, wanu upite kumanzere kwa mutu wa amene mwayang'anizana naye.

Apa pa mapazi ndi pomwe ndikufuna tikhalitse. Mapazi aikidwe refu asanati "bind", ndipo akaikidwa asasunthenso. Mukawabweza kumbuyo kwambiri mumagwa chafufumimba anzanu akukankhirani pamsana. Mukawayandikitsa, mdani amakunyamulani m'mwamba. Ine zinandichitikira pa udzu wonyowa ndi nsapato zija: phazi lakumanja linaterereka, chipumi pansi, scrum yonse pa ine, khosi osatembenuka kwa nthawi ndithu. Choncho pondani ndi kutsogolo kwa phazi, ma studs amire m'dothi, chibwano chikhale chokwezeka pang'ono, maso kutsogolo. Mutu ukawerama, msana umapindika nawo. Ndipo scrum ikayamba kugwa, gwetsani mawondo msanga, musalimbane nayo.

Nambala 3 ndiye amasenza katundu wambiri chifukwa mutu wake uli pakati pa adani awiri, pamene nambala 1 ali ndi mbali imodzi yopanda munthu. Kuti muone chimene nambala 1 wodziwa ntchito amachita, sakani fainolo ya World Cup ya 2019. Tendai Mtawarira, nambala 1 wa South Africa wobadwira ku Harare, anamupanikiza Dan Cole, wa England, mpaka England kumangopereka mapenate, South Africa n'kupambana 32-12. Mu 2023 zinabwerezanso pa semifainolo: penate ya mu scrum, Handré Pollard wa South Africa n'kumenya, England n'kugonja 16-15.

Zotsalazo sizovuta. Osakankha mpira usanalowe. Nambala 9, yemwe amaima pambali pa scrum, amauponya pakati, hooker amaukokera kumbuyo ndi phazi, nambala 8 amausunga kumapazi mpaka 9 autenge kapena anyamule yekha. Ena onse, kupatula nambala 9 wa timu iliyonse, aime mamita 5 kumbuyo kwa scrum. Scrum ikazungulira kupitirira madigiri 90, refu amaimitsa n'kuyambitsanso.

Kachotetezera mano gulani kotsika mtengo komwe, kaja koviika m'madzi otentha n'kuluma, kamagwira ntchito.